Kodi asing'anga akale a ku India ankasandutsa bwanji chitsulo kukhala mankhwala?

Nabanda:
Akuluakulu, ndithandizeni. M'mankhwala achikhalidwe a ku India a Ayurveda muli ena otchedwa bhasma, omwe ndi phulusa la zitsulo. Chitsulo chenicheni chimapsa bwanji mpaka munthu n'kumwa? Nanga poizoni wake amathadi?

Gama:
Mayi, ntchitoyi ili pawiri, ndipo luso lonse amalitcha Rasa Shastra. Choyamba ndi shodhana, kuyeretsa chitsulo. Chitsulo amachisula chipyapyale, n'kuchiotcha mpaka chifiire, n'kuchiviika m'mafuta a chitowe maulendo 7. Amabwereza maulendo 7 m'chambiko, mumkodzo wa ng'ombe, m'phala losasa ndi m'madzi ophikira nyemba za kulattha. Kuzizira kwadzidzidziko kumachititsa kuti chitsulo chizifumbutuka posinja.

Kenako marana, kuchiotcha mpaka chisanduke phulusa. Ufawo amaupera ndi madzi a zipatso zitatu zotchedwa triphala, amaumba timibulu taphwatalala, n'kutiyanika. Tikauma amatitsekera m'mbale ziwiri zadothi zovundikirana, zomata ndi nsalu yopaka dongo. Moto wina waukulu ndi gajaputa: dzenje la ndowe zouma za ng'ombe pafupifupi 1,000, zambiri pansi, zotsala pamwamba. Amadikira zizirale zokha, kenako kuperanso ndi kuotchanso kambirimbiri. Timibulu tikalowa tili ndi chinyezi kapena tikanenepa, m'kati simupsa, chitsulo chimatsala chachiwisi.

Nachisale:
Ndiwonjezere za kuyesa, achimwene. Bhasma wabwino ukamuwaza pamadzi odekha amayandama, ukamutikita pazala amalowa m'mizere ya khungu, ndipo padzuwa sanyezimira ngakhale pang'ono. Wa mkuwa amamuthira m'chambiko: chikabiriwira ndiye kuti sanapse, ndipo womwa amasanza ndi kuchita chizungulire. Mlingo wake unali wochepetsetsa, woyezedwa ndi ratti, pafupifupi mamiligalamu 125, nthawi zambiri wosakaniza ndi uchi kapena mafuta a mkaka.

Mbewe:
Funso lachiwiri lija ndiye lofunika, mayi, ndipo yankho ndi ayi. Moto umasintha mpangidwe wa chitsulo, koma suchichotsa. Lauha bhasma, wa ayironi, kwenikweni ndi dzimbiri losalala kwambiri, n'chifukwa chake kumupereka kwa wochepa magazi kunali ndi nzeru yake. Kajjali ndi mercury wopera ndi sulufule mpaka kuda bii, ndipo n'zoona kuti akatero sasungunuka msanga m'thupi. Koma naga bhasma ndi mtovu basi, kaya wapsa kangati. Mtovu umaunjikana m'mafupa, umawononga impso ndi ubongo wa mwana, ndipo kuyandama pamadzi kumangoonetsa kuti ufa ndi wosalala, osati kuti ndi wosavulaza.

Mu 2004 ofufuza ku Boston, ku America, anayeza mankhwala 70 a Ayurveda a m'masitolo, ndipo 14 anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Mayi woyembekezera ndi mwana asamwe n'komwe. Amene wakhala akumwa, makamaka ngati m'mimba mukumupota ndipo akufooka, auze dokotala dzina la mankhwalawo kuti amuyeze mtovu m'magazi.