Ma tag awiri mu polynya imodzi koma mchere ukusiyana, ndikhulupirire iti?

shelf_prydz
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Tili ndi ma tag awiri a CTD-SRDL (tizipangizo toyeza mchere, temperature ndi kuya kwa madzi, totumiza data pa setilaiti) a SMRU (Sea Mammal Research Unit) pa ma elephant seal (nyama zikuluzikulu za m'nyanja) amphongo, tinamata atangomaliza kufundula. Onse akhala mu Prydz Bay ku Antarctica nyengo yonse yozizira, kuzungulira polynya ya Mackenzie (polynya ndi malo a madzi otseguka pakati pa ayezi wa m'nyanja). Kuyambira Juni mchere wa pansi ukukwera pa ma tag onse, zimenezo ndimayembekezera poti ayezi akamapangika mchere umatsalira m'madzi. Koma imodzi ikuwerenga pafupifupi 0.1 pamwamba pa inzake, masiku omwewo, malo omwewo. Njira ya Roquet ya 2011 yopezera offset (mlingo umene sensor ikuphonyera) pa LCDW (Lower Circumpolar Deep Water, madzi akuya a kutali ndi gombe) yakanika chifukwa nyamazi sizinachoke pa shelf (nyanja yosazama kwambiri ya kufupi ndi gombe) olo tsiku limodzi. 0.1 si yochepa, nkhani yanga yonse ya Dense Shelf Water (madzi olemera a pa shelf) yagona pamenepo. Ndikonze iti? Lipoti likufunika Lachisanu.

rosette_choyamba
Achimwene, ma tag amenewo munawamangirira pa rosette ya sitima (chimango chonyamula CTD chimene amatsitsira m'nyanja) musanamate? Ngati simunatero, palibe chimene mungachite pa kompyuta chomwe chingalowe m'malo mwake.

shelf_prydz
Ayi akulu, sitima sinatipatse mpata wa cast (kutsitsa rosette m'nyanja n'kuyeza). Tinangowayesa mu thanki.

mayi_argos
Musanakhudze mchere, tandiuzani kaye za mawu oti "malo omwewo". Ma location class anu (magulu osonyeza kuti setilaiti yapeza malo a nyama molondola bwanji) ndi ati? Nyama ikakhala mu ayezi imangotulutsa mutu kanthawi kochepa, setilaiti imalandira mauthenga ochepa, ndiye zambiri zimakhala A ndi B, zomwe zimatha kuphonya ndi makilomita angapo. Madzi olemera amatsetserekera m'maenje a pansi pa nyanja. Imodzi ikamadya m'dzenje inzake ili pamtunda pake, mchere usiyana ndithu ma sensor onse ali bwinobwino. Onani kuya kwa ma dive ofika pansi, ndi kumene kungakuuzeni ngati zinalidi pamodzi.

kuzizira_1.9
Yambani ndi temperature, ndi yosavuta. Pakati pa nyengo yozizira madzi a pamwamba mu polynya amakhala pa freezing point, cha m'ma -1.9°C, ndiye offset ya T imaonekera yokha. Ikakonzeka muwerengerenso mchere, chifukwa T ikalakwika mchere umalakwika nawo. Koma samalani, Mackenzie yagundizana ndi Amery Ice Shelf, chiayezi chachikulu choyandama pa nyanja. Ice Shelf Water yochokera pansi pake imazizira kuposa freezing point ya pamwamba, ndipo ndi yeniyeni. Wophunzira wanga wina anaiyesa vuto la sensor n'kukankhira ma profile (miyeso ya kuyambira pamwamba mpaka pansi pa madzi) onse m'mwamba. Tinazindikira patatha miyezi iwiri, ntchito yonse kuyambiranso.

rosette_choyamba
Zonsezi n'zongopeka. Cast imodzi yokha ndi CTD ya sitima bwenzi nkhani itatha kalekale.

mayi_argos
Bambo, cast ndi yofunika, palibe akukana. Koma cell ya conductivity (kachipangizo koyezera mchere) pa ma tag amenewa ndi inductive, imamva chilichonse chili pafupi nayo. Pa rosette pali zitsulo, pa nyama pali mutu ndi guluu. Offset imene mwapeza pa sitima imatha kusintha mukangomata, n'chifukwa chake a MEOP (gulu lofufuza nyanja ndi ma tag a pa nyamazi) amakonzabe data nyama italowa kale m'madzi.

rosette_choyamba
Isinthe, koma mumakhala ndi poyambira. Iwowa alibe poyambira. Ndakhala ndikunena zimenezi kuyambira nthawi ya International Polar Year, 2007 ndi 2008, mpaka lero anthu akupitabe kukamata ma tag osayesedwa.

mchere_wapansi
Ine mantha anga ali kwina. Mukathamangira kutsitsa tag yokwerayo kuti ifanane ndi inzake, mutha kufufuta chinthu chimene munapitira. Kumbukirani Cape Darnley. Ohshima ndi anzake mu 2013 anasonyeza kuti polynya ya kumeneko imapanga Antarctic Bottom Water (madzi olemera a pansi penipeni pa nyanja), ndipo mchere wokwera kwambiri wa pa shelf anauona ndi ma elephant seal omwewa, m'nyengo imene sitima singafikeko. Wina akanautcha drift (kuphonya kwa sensor komwe kumasintha pakapita nthawi) bwenzi zitatayika.

Ndingachite chonchi: bwererani ku Malichi ndi Epulo, mchere usanayambe kutsikira pansi, mufananize ma tag awiriwo pa T-S (graph ya temperature ndi mchere) m'madzi akuya. Kusiyanako kukakhalapo kuyambira pachiyambi ndipo sikukusintha, ndi offset. Kukayamba mu Juni n'kumakula, mwina ndi madzi, mwina ndi drift, ndipo pamenepo musalumbire. Komanso dziwani kuti izi zingokuuzani kuti ma tag akusiyana bwanji, osati yolondola ndi iti. Pafunika ma cast akale a sitima a dera lomwelo, kapena ma tag a zaka zina omwe anafikako ku LCDW.

kuzizira_1.9
Ndiwonjezere: yang'anani tag yotsikayo, osati yokwera yokha. Tizidutswa ta ayezi totchedwa frazil tikalowa mu cell conductivity imagwa, mchere n'kuoneka wochepa. Ndipo profile imafika itapanikizidwa kukhala timadontho tosakwana 20, ndiye dontho limodzi loipa limakoka mzere wonse. Mukaona madzi olemera ali pamwamba pa opepuka, kayikirani.

shelf_prydz
Zikomo nonse. Ma location ambiri ndi B ndithu. Ndikutsegula za Malichi usiku uno.

guluu_wachiwiri
Poti mwatchula guluu achemwali, inu mumathira wochuluka bwanji? Chaka china mnzathu anathira epoxy wambiri poopa mphepo, wina anayenderera mpaka pafupi ndi cell. Tag inagwira nyengo yonse mpaka nyama inafundulanso, koma mchere wake sitinaugwiritse ntchito. Komanso epoxy wambiri amatentha akamauma, nyama imapsa khungu. Zimandiwawa mpaka pano.

mayi_argos
Wochepa, wopyapyala, ubweya ukhale wouma ndi wopanda mafuta. Ndipo jambulani chithunzi cha tag iliyonse ili pamutu nyama isanadzuke. Chimathandiza pa mafunso ngati a lerowa.

rosette_choyamba
Chithunzi n'chabwino. Koma ulendo wamawa limbanani ndi woyang'anira ulendo akupatseni cast imodzi, ma tag onse pa rosette, musanatsike kupita kugombe.