Kasitomala wabwerako ku Durban ali lawilawi: sitima sinawatsitse pa chilumba

Wa pa Katoto: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndagwidwa njakata, ndithandizeni. Mu Okutobala ndinagulitsa ulendo wa pa sitima yaikulu ya panyanja kwa banja lina la kuno ku Mzuzu, bambo, mayi ndi ana awiri. Masiku anayi kuchokera ku Durban, kukaima ku Maputo ndi ku Portuguese Island, kenako n'kubwerera. Anyamuka mu Febuluwale muno, afika kuno Lachisanu, ndipo lero ndisanatsegule n'komwe ofesi ndawapeza bambo aja atakhala pakhonde, envelopu yakhaki ili pamwendo.

Madandaulo ndi awiri. Loyamba, pa chilumba paja sanatsike. Akuti sitima inafika m'mawa n'kuponya nangula, anthu atavala kale zosambira, ana atamangidwa kale timabande m'manja, kenako kaputeni analengeza kuti mafunde akula ndipo maboti satsitsidwa. Anadikira mpaka cha m'ma 11 koloko, sitima n'kutembenuka. Chilumbacho anangochiona patali ngati kamzere koyera. Lachiwiri, tsiku la ku Maputo iwo sanatsike chifukwa mayi mwendo unali utatupa, ndiye anati tingosangalala m'sitima momwemo. Anapeza mashopu otseka, kasino yotseka, lesitilanti yaikulu osapereka nkhomaliro, kudya kunali kwa ku buffet basi. Akufuna ndiwabwezere theka la ndalama zonse, apo ayi akandisumira ku CFTC, bungwe la boma loteteza anthu ogula malonda. Ndiyambire pati?

Mayi a ku Luwinga: Pepani achimwene. Tisanapite patali, mfundo za mgwirizano wa kampani ya sitimayo munawapatsa? Anasainira pena pake?

Wa pa Katoto: Ndinawatumizira PDF pa WhatsApp. Ya Chingerezi, masamba ambirimbiri, timalemba ting'onoting'ono. Kusaina ayi. Anangoyankha ndi kachala kaja.

Mnyamata wa ku Chibavi: Ndiye mwawina kale bwana. Makampani onse a sitima amalemba kuti kaputeni ali ndi ufulu wosintha njira kapena kudumpha doko chifukwa cha nyengo, ndipo sabweza mtengo wa tikiti. Analandira PDF, nkhani yatha. Inu simunatumize mphepo. Musawapatse ngakhale 1 tambala, mukatero mawa aliyense amene yamugwa mvula ku Nyika adzabwera kudzafuna ndalama.

Mayi a ku Luwinga: Mwana wanga, dekha. Achimwene a pa Katoto, ndifunsenso. Ndinaona positala yanu pa Facebook nthawi ija. Munalembapo chiyani pansi pa chithunzi cha chilumba?

Wa pa Katoto: Eeh. Ndinalemba kuti mudzadya nyama yootcha pamchenga wa ku Mozambique.

Mayi a ku Luwinga: Mudzadya. Osati mukhoza kudya. Bala lili pamenepo. A CFTC sangakufunseni za mafunde, angakufunseni ngati malonda anu anamuuza munthu zoona zonse asanatulutse ndalama. Sindikunena kuti mungagonje, koma musapite kumeneko mukudziguguda pachifuwa ndi PDF imene munthuyo sanaitsegule.

Wakale wa m'sitima: Ndilowepo, poti ndinagwirapo ntchito m'shopu ya m'sitima makontilakiti angapo ndisanabwere kudzayamba bizinesi ino. Dandaulo lachiwirilo ndi losavuta kulifotokoza, ndipo palibe amene analakwa. Katundu wa m'mashopu a m'sitima ndi wa duty free, sanalipiridwe msonkho m'dziko lililonse. Sitima ikakocheza padoko imakhala pansi pa malamulo a kasitomu a dziko limenelo, choncho mowa, fodya, mafuta onunkhira ndi mawotchi zimatsekeredwa. Madoko ena akuluakulu a kasitomu amakwera n'kumata chidindo pachitseko cha sitolo, ndipo ukachidula usanatuluke m'madzi awo ndi mlandu wa sitima yonse. Kasino nayonso chimodzimodzi, juga imayendera laisensi ya dziko. Madzi a dziko amafika mamailo 12 a panyanja kuchokera kugombe, pafupifupi makilomita 22, ndiye nthawi zambiri timadikira sitima ichoke padoko, itaye mtunda, kenako foni imalira kuchokera kwa oyendetsa kuti tsegulani. Ife a m'shopu tsiku la padoko ndi limene timawerenga katundu, kupukuta magalasi, kapena kupeza maola awiri atatu otsika kukagula sopo ndi kusaka intaneti yaulere.

Za lesitilanti ndi nkhani ya masamu chabe. Anthu ochuluka amakhala atatsika, ndiye sangayale matebulo mazanamazana chifukwa cha anthu ochepa otsala. Amatsegula buffet basi. Ndipo zonsezi sizibisidwa. Usiku uliwonse amaika pepala la pulogalamu ya mawa m'chipinda chilichonse, pali nthawi yotsegula ndi yotseka ya malo aliwonse. Afunseni ngati mapepalawo anawasunga. Amalawi timakonda kusunga mapepala otere ngati chikumbutso.

Wa pa Katoto: Alimo mu envelopu muja, onse anayi. Ndaona pa la ku Maputo alembadi kuti mashopu atsegulidwa sitima ikanyamuka. Koma akunenanso kuti tsiku la pa chilumba, m'mawa wonse akudikira muja, zinthu zinali zotsekabe. Ndiye akuti anataya zonse ziwiri, mchenga ndi zam'sitima.

Wakale wa m'sitima: Zoona, ndipo tsiku lotero limawawa. Sitima ikaponya nangula pafupi ndi Inhaca, chilumba choyandikana ndi Portuguese Island, ili m'madzi a Mozambique, lamulo ndi lomwelija. Kaputeni amadikira dala poyembekeza kuti mwina nyanja ikhala bata, ndipo nthawi yonseyo antchito ambiri amakhala atakonzekera kukagwira ntchito kumtunda, nyama ndi zakumwa zili kale m'makontena. Akalengeza kuti zalephereka m'pamene aliyense amathamanga kusintha pulogalamu. Dziwe losambiramo nalo amatha kulitseka ngati sitima ikupendekera kwambiri, madzi amakhavukira panja ndipo mwana akhoza kumenyetsa mutu.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti pa Portuguese Island palibe doko lokocheza sitima yaikulu. Anthu amatsitsidwa ndi timaboti ta mphira, amakwera kuchokera pa kakhomo ka m'mbali mwa sitima. Mafunde akakula, kaboti kamakwera ndi kutsika pamene sitima ili chiimire, ndiye phazi likhoza kuponda pamphepo. Ndinaonapo amalinyero awiri atagwira agogo ena m'khwapa uku ndi uku, kudikira funde liwakweze kabotiko kuti awaponyeremo. Komanso kaputeni saganiza zopita zokha. Akatsitsa anthu masauzande m'mawa, mphepo n'kukula masana, awabweza bwanji?

Adada a ku Nkhata Bay: Inu bwanji mukuvutika ndi Chingerezi cha m'ma PDF? Bambowo ngati ndi a kuno kumpoto, Ilala amaidziwa. Afunseni ngati anatsikapo pa Usisya kapena pa Ruarwe. Sitima imaima patali, anthu n'kutsika ndi boti, matumba a ufa pamutu, madzi m'chiuno pofika kugombe. Mwera ukakwiya mu Juni kapena Julaye nthawi imasokonekera, ndipo palibe amatukwana kaputeni, aliyense amadziwa kuti nyanja sailamula munthu. Ilala yakhala ikuyenda chonchi kuyambira 1951. Ine makasitomala anga achizungu opita ku Likoma ndimawauziratu kuti asaike ndege yawo tsiku lotsatira. Muwauze kuti n'chimodzimodzi, kungoti nyanja yake ndi ya mchere ndipo mafunde ake ndi aakulu kuposa athuwa.

Mnyamata wa ku Chibavi: Ndiye mukugwirizana nane kuti palibe chobweza.

Mayi a ku Luwinga: Ayi, chilipo, koma si theka. Achimwene, tsegulaninso envelopuyo. Muli pepala la akaunti ya m'sitima, lija amalandira usiku womaliza? Ngati anagula ulendo wa kumtunda kudzera m'sitima momwemo, mwachitsanzo wopita ku Inhaca, ndalama imeneyo imabwezedwa yokha ku akauntiyo doko likalephereka. Anthu ambiri saiona chifukwa imalowa pakati pa mabilu a zakumwa ndi service charge. Kenako lemberani kampaniyo, kudzera kwa amene munagulako tikiti ku South Africa, mufunse ngati pali msonkho wa doko umene ukuyenera kubwezedwa pa chilumba chimenecho. Makampani ambiri amabweza, ngakhale kamakhala kandalama kochepa. Mulembe nambala ya booking ndi tsiku lake, ndipo musakalipe m'kalatamo. Mupemphenso kalata yotsimikiza kuti doko linalephereka chifukwa cha nyengo.

Wa pa Katoto: Amama, mwalasa. Pali mzere wa minus apa, tsiku lomwelo la pa chilumba, anthu anayi. Ndalamayo inabwerera, kenako inadyedwa ndi zithunzi ndi ayisikilimu masiku awiri otsalawo. Bambowo akuganiza mpaka pano kuti inapita.

Wa inshuwalansi wa ku Chibanja: Kalata imene anena amamayo ndi yofunika ngati anali ndi inshuwalansi. Munawagulitsa ya mtundu wanji?

Wa pa Katoto: Ya paulendo wamba, ya matenda ndi katundu wotayika.

Wa inshuwalansi wa ku Chibanja: Ndiye musawalonjeze kanthu musanawerenge polise yonse, chikalata cha mgwirizano wa inshuwalansiyo. Kulephera kutsika padoko kumalipiridwa pokhapokha polise ili ndi gawo la maulendo a pa sitima, amalilemba kuti missed port kapena itinerary change, ndipo ambiri mwa mapolise wamba alibe. Likakhalapo amapereka ndalama yoikika pa doko lililonse, osati mtengo wa tikiti. Koma za mwendo wa mayiwo funsani. Ngati anaonana ndi dokotala wa m'sitima analipira, chifukwa chipatala cha m'sitima si chaulere, ndipo lisiti imeneyo ikhoza kubwezedwa pa gawo la matenda. Fulumirani, makampani amaika malire a masiku operekera madandaulo.

Wakale wa m'sitima: Chinanso chimene tonse tiyenera kuvomereza. Sitima zimayenda kuchokera ku Durban m'chilimwe cha kumeneko, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo imeneyi ndi nyengo yomweyonso ya anamondwe pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Januwale mpaka Malichi ndiye pachimake. Idai anagunda Beira mu Malichi 2019. Freddy mu 2023 analowa ku Mozambique kawiri, mu Febuluwale ndi mu Malichi, asanadzatiphere abale ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Namondwe safunika kukhala pafupi kuti tsiku la pa chilumba liwonongeke, mafunde ake amayenda mtunda wautali kumwamba kuli kowala bwinobwino. N'chifukwa chake makasitomala amakwiya, amati dzuwa linalipo, bwanji sitinatsike. Ku Pomene, malo ena a m'gombe la Mozambique, nakonso amatsika ndi timaboti, vuto ndi lomweli. Munthu amene mtima wake uli pa kutsika basi, ndimamulangiza Novembala kapena Epulo, kapena ulendo wa madoko enieni ngati Cape Town ndi Walvis Bay, ngakhale ku Cape Town nako mphepo imachedwetsa sitima nthawi zina.

Mnyamata wa ku Chibavi: Zonsezi ndamva, koma ine mfundo yanga ndi ya komishoni. Timapeza zingati pa tikiti imodzi, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo madola ndi marandi tikuchita kuwasaka ngati mankhwala? Mukayamba kudula pamenepo mutseka ofesi.

Mayi a ku Luwinga: Mzuzu ndi waung'ono, mwana wanga. Bambo amenewo akakayankhula ku tchalitchi Lamulungu, kapena pa maliro amodzi okha, Katoto yense adziwa. Ine sindikunena kuti abweze theka, limenelo ndi bodza ndipo silingatheke. Ndikunena kuti pa chimene analakwitsa iwo eni, chiganizo cha pa positala chija, aikepo kenakake kochokera m'thumba mwawo, ndipo anene poyera kuti n'chifukwa cha chimenecho. Osati mphepo, osati kasino. Akasakaniza, bambowo aganiza kuti mwavomera zonse ndipo abweranso.

Ine chichitikireni zofanana ndi zimenezi ndili ndi pepala limodzi la Chichewa limene kasitomala aliyense wa sitima amaliwerenga pamaso panga n'kusaina. Limanena kuti madoko otsika ndi boti sali otsimikizika, kuti tikiti sibwezedwa doko likalephereka, kuti mashopu ndi kasino zimatsekedwa sitima ikakhala padoko, komanso kuti amene wagula ulendo wa kumtunda kwa munthu wapadera, osati kudzera m'sitima, akachedwa kubwerera sitima simudikira ndipo ndalama yake aitsate yekha. Ena amaseka kuti amama mukutiopseza. Awiri anasintha mwezi atawerenga, palibe amene anasiya ulendo.

Adada a ku Nkhata Bay: Litumizeni pano amama, tisinthe mitu yokha.

Wa pa Katoto: Yewo chomene nonse. Ndabwerera kudzakuuzani mmene zathera. Ndinawaitana dzulo madzulo limodzi ndi mayi. Ndinayamba ndi pepala la akaunti, ndinawalozera mzere wa minus uja ndi cholembera. Mayi anaseka, akuti ndiye ayisikilimu uja tinadya ndalama za ku Inhaca. Bambo sanaseke. Za Usisya zinagwira ntchito, kwawo kwa amayi awo ndi cha komweko ndipo anayamba kundifotokozera okha mmene anagwera m'madzi ali mwana potsika Ilala. Za kasino anangoti bwanji simunandiuze, ndipo ndinavomera kuti sindinawauze. Lisiti ya dokotala ilipo, ndatumiza kale ku inshuwalansi. Kalata ya ku kampani ya sitima sinayankhidwe. Ine ndawabwezera ndalama ya minibasi imene ndinawalipiritsa yopita ku eyapoti ya Kamuzu ndi kubwerera, ndipo ndalemba pa lisiti kuti n'chifukwa cha positala. Za CFTC sanatchulenso, koma sananenenso kuti asiya. Positala ndaichotsa.

Wa inshuwalansi wa ku Chibanja: Fomuyo asaine mayiwo, osati bambo. Wodwala ndi iwo.

Adada a ku Nkhata Bay: Amama a ku Luwinga, pepala lija lafika. Pali amene angaliike m'Chitumbuka? Langa ndi Chitonga, ndingaliwononge.