Percent ndi Valid Percent, komanso regression, zandizunguza mutu

wa_chaka_choyamba
Abale thandizeni, tapatsidwa asayimenti ya statistics, data yake ndi yongoyeserera, ophunzira 200 anafunsidwa maola omwe amawerenga pa sabata ndi malikisi awo. Pa tebulo la SPSS (pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira data) pali Percent ndi Valid Percent koma manambala akusiyana, ndilembe iti? Ndiye regression (njira yopezera mzere wosonyeza momwe malikisi amayendera ndi maola) yatulutsa malikisi = 40 + 2 × maola, R² ndi 0.30. Kodi ndiye kuti munthu akangowonjezera ola limodzi malikisi akwera ndi 2?

mlongo_wa_masamu
Kusiyana kwake kuli pa nambala yomwe mukugawira. Percent imawerengera onse 200 ngakhale amene sanayankhe funsolo, Valid Percent imangotenga okhawo anayankha. Tinene kuti 40 analidumpha funso ndipo 80 anati amawerenga maola opitilira 10, Percent ikhala 40 koma Valid ikhala 50 poti mukugawa 80 ndi 160. Ine ndimalemba Valid koma ndimatchula kuti angati sanayankhe, musazibise zimenezo chifukwa mwina odumphawo ndi omwe sagwira buku n'komwe anachita manyazi kunena, ndiye 50 ija ikhoza kukometsa zinthu.

achimwene_T
Pa 2 uja samalani. Data ya kafukufuku wofunsa mafunso siingakuuzeni kuti ola ndi lomwe lakweza malikisi. Chomwe mzerewo ukunena n'chakuti mukatenga ophunzira osiyana ndi ola limodzi, pa avareji amasiyana ndi malikisi 2. Mwina owerenga kwambiriwo ndi omwenso sajomba m'kalasi kapena anali ndi maziko abwino kale, modelo yanu sikuziona zimenezo. 40 ndi malikisi oyembekezeka kwa munthu wa maola 0, koma ngati mu data mulibe aliyense wa pafupi ndi 0 musalimbane naye kwambiri. Komanso musawukoke mzerewo kupyola pomwe data yathera, ikani maola 40 muone, mupeza 120 pamene mayeso amathera pa 100.

R² ya 0.30 ndiye kuti maola akufotokoza 30 peresenti ya kusiyana kwa malikisi, 70 yotsalayo ili ku zinthu zina.

mlongo_wa_masamu
Eya ndipo musanalembe chilichonse jambulani kaye scatter plot, galafu ya timadontho yomwe wophunzira aliyense ali ndi kadontho kake pa maola ndi malikisi ake. Francis Anscombe mu 1973 anakonza magulu 4 a data omwe onse amatulutsa mzere umodzimodzi, y = 3 + 0.5x, correlation (nambala yosonyeza momwe x ndi y zimayendera limodzi) pafupifupi 0.82, koma mukawajambula lina ndi lopindika, lina kadontho kamodzi kokha kali patali ndipo n'kamene kakukoka mzere wonse. Manambala okha sangakuonetseni zimenezo, maso ndi omwe amaona.

wa_chaka_choyamba
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndajambula, pali munthu m'modzi walemba maola 90 pa sabata ali yekhayekha pakona. Ndimuchotse?

achimwene_T
Ayi musathamangire. Onani kaye ngati sanalakwitse potaipa, mwina amafuna kulemba 9. Ngati ndi zoona yendetsani regression kawiri, ali momo ndi atachotsedwa, mulembe zonse ziwiri ndi momwe 2 uja wasinthira.