Ndithandizeni kufufuza gulu la mizinga yophwanya akasinja limene agogo anga anali ku Burma

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi pempho. Agogo anga aamuna, bambo a mayi, anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kumudzi aliyense amangoti anali Mkeyala (msilikali wa gulu la King's African Rifles, KAR), koma iwo eni ankanena kuti ntchito yawo inali pa mzinga wophwanya akasinja. Anatisiya ndili mwana, ndipo chotsala ndi mamendulo awiri ndi kapepala kong'ambika kolembedwa nambala yawo ya usilikali.

Ndawerenga kuti 11th East African Division, mmene munali asilikali ambiri a ku Nyasaland, inakonzekera nkhondo ku Ceylon (lero Sri Lanka), kenako mu 1944 inatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati, malungo ali ponseponse, mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin. Apa ndi pamene mutu wandiima. Ajapani anali ndi akasinja ochepa ku Burma, ndiye mizinga yophwanya akasinja ngati 6-pounder inkagwiritsidwanso ntchito yogumula maenje olimba obisalamo adani. Agogo ankasimbadi za kukoka mzinga m'matope ndi zingwe, mapewa mpaka kusupuka, koma za kasinja sindinawamvepo.

Kodi anthu a mizinga imeneyi ankawerengedwa m'mabataliyoni a KAR, kapena anali a East African Artillery? Nanga ndi nambala yokhayi ndiyambire ku National Archives ku Zomba, kapena mabuku a asilikali anapita ku Britain? Ngati alipo amene kholo lawo linagwirako mizinga yotere, chonde tilankhulane. Mayi akukalamba, ndipo ndikufuna ndiwawerengere kumene bambo awo anayenda.