Wogulitsa mfuti akamasocheretsa kasitomala, tilowererepo bwanji?

Kondwani_mlenje analemba:

Achimwene ndi achemwali, ndithandizeni maganizo pa nkhani imene yandisowetsa mtendere. Loweruka ndinali m'sitolo ina yogulitsa mfuti, ndikufuna mafuta ndi burashi yotsukira mpope. Patsogolo panga panali bambo ena achikulire amene anabwera ndi shotgun (mfuti yowombera timipira tambiri nthawi imodzi) yakale ya saizi 12, ya mipope iwiri, yomwe anati anawasiyira malemu akulu awo, ndipo chiphaso anali atakonzetsa kale. Ankafuna zipolopolo zosakira mbalame. Mnyamata wa pakauntala anawatsitsira bokosi la zipolopolo zazitali zija za mamilimita 76. Bambowo anafunsa mwaulemu ngati mfuti yakale chotero ingapirire zimenezo. Iye anangoti, "Zikalowa n'kutsekeka bwinobwino, palibe vuto, bambo."

Mfutiyo inali pakauntala ili yotsegula, ndipo pambali pa mpope ndinaona palembedwa 12/70, kutanthauza saizi 12 ndi zipolopolo za mamilimita 70. Ndinalephera kukhala chete. Ndinati, "Pepani polowerera, koma taonani manambala ali apawa." Mnyamatayo nkhope inagwa, n'kunena kuti wagulitsa zipolopolo zimenezi kwa anthu ambiri ndipo palibe anabwerako ndi dandaulo. Bambowo anatiyang'ana tonse awiri, osadziwa kuti akhulupirire ndani, kenako ananyamula mfuti yawo n'kutuluka osagula kanthu.

Aka si koyamba kumva zoterezi. Ndamvapo wogulitsa akuuza munthu kuti shotgun sifunika kulunjikitsa, wina akuuza mayi kuti akazi chowayenera ndi ka revolver kopepuka, winanso akulongosola malamulo a kudziteteza ngati kuti ndi loya. Ndiye munthu ukamva zotere utani? Ulankhule pomwepo, umudikirire kasitomalayo panja, kapena ukaonane ndi mwini sitolo? Sindikufuna kuchotsetsa ntchito mwana wa eni, komanso sindikufuna kudzamva kuti wina waduka zala ine nditaona n'kungokhala.

Mmisiri_Mbewe anayankha:

Achimwene, munachita bwino kulankhula, ndipo pomwepo ndi pamene panayenera. Ntchito yanga ndi yokonza mfuti, choncho ndilongosole chifukwa chake mawu akuti "chikalowa ndiye kuti n'chake" ali oopsa pa shotgun. Utali umene amalemba pa bokosi, 70 kapena 76, ndi wa chigoba chitawombedwa kale, kukamwa kwake kutatambasuka. Chisanawombedwe kukamwako kumakhala kopindidwa, motero cha 76 chimalowa bwinobwino m'malo a cha 70 ndipo mfuti imatsekeka osavuta. Mukawomba, pulasitiki yopindidwa ija imasowa potambasukira, imakatambasukira pamene mpope wayamba kale kuchepa. Njira ya timipira ta mtovu imapanikizika, mphamvu ya wonga n'kukwera kuposa imene mfutiyo inayesedwa nayo. Mwina siphulika tsiku loyamba, ndipo n'chifukwa chake mnyamatayo akuti palibe wabwera kudzadandaula. Koma chitsulo chimatopa pang'onopang'ono, makamaka chakale chimene chakhala chikudyedwa ndi dzimbiri mkati.

Zosokoneza zotere zilipo zambiri. Chipolopolo cha saizi 20, chomwe n'chochepa thupi kuposa cha 12, chikalowa mu shotgun ya 12 chimatsetsereka n'kukakakamira mkati mwa mpope. Munthu amayesa kuti sanaikemo kanthu, amaika cha 12 kumbuyo kwake, mpope n'kung'ambika pafupi ndi pamene wagwira. Ndicho chifukwa makampani ambiri amapanga za 20 kukhala zachikasu. Revolver ya .357 Magnum, imene inatuluka mu 1935, imalandira .38 Special popanda vuto, koma mobwerera ayi, ndipo chigoba cha .357 anachitalikitsa dala ndi mamilimita pafupifupi 3 kuti chisalowe m'mfuti za .38. Zipolopolo za 5.56 NATO ndi .223 Remington pa maso n'zofanana, koma bungwe la SAAMI, limene lakhala likuika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America kuyambira 1926, limachenjeza kuti 5.56 isawombedwe mu mfuti yolembedwa .223 yokha. Palinso chizolowezi chongoti "9mm", pamene 9x19 Luger, 9x18 Makarov ndi 9x17, imene ena amaitcha .380 ACP, ndi zinthu zitatu zosiyana.

Pa zonsezi simufunika kupikisana nzeru ndi wogulitsa. Kasitomala sakudziwani, ndipo mukayamba kukangana iye amangoona anthu awiri olimbana. Lozani zolembedwa pa mpope, zolembedwa pansi pa chigoba, ndi kabuku kochokera kukampani. Kenako muuzeni mawu amodzi: manambala apa ndi apa afanane. Zimenezo munthu amapita nazo kwawo ndipo angathe kudzionera yekha. Ndikanakhala ine ndikanawonjezera kuti mfuti yosiyiridwa ipite kaye kwa mmisiri isanawombedwe, chifukwa zina zakale kwambiri zinapangidwira wonga wakuda, ndipo zina sizigwirizana ndi timipira tachitsulo ta masiku ano.

Thokozani_K anayankha:

Ine ndinagwirapo ntchito pakauntala yotereyi, ndiye ndilankhuleko za mbali inayo. A Mbewe akunena zoona pa nkhani ya zipolopolo: pamene pali ngozi, lankhulani nthawi yomweyo, manyazi a wogulitsa si kanthu poyerekeza ndi maso a munthu. Koma dziwani kuti ambiri mwa anyamatawa sanama dala. Amalembedwa ntchito chifukwa amadziwa kulankhula ndi anthu, amawaphunzitsa kudzaza mafomu ndi kuona ziphaso, za mfutizo amangotola kwa anzawo ndi kwa makasitomala okonda kucheza. Chimene amaopa kwambiri ndi kunena kuti "sindikudziwa" kasitomala ali pomwepo. Palinso masiku amene bwana amakuuza kuti katundu wakutiwakuti wakhalitsa pa shelefu, mumutulutse. Zikatero chilichonse chimene kasitomala wafunsa, yankho limakhotera ku bokosi lomwelo.

Njira imene inkandifika pamtima ndi ya kufunsa. Munthu akati, "Achimwene, tandithandizeni, pa mpope palembedwa 70 koma pa bokosi 76, kodi tingaone kabuku?" ndinkapeza pothawira, n'kukhala ngati tazipezera limodzi. Akayamba ndi "mukunama", ndinkauma mutu ngakhale mumtima ndikukayika.

Za mwini sitolo, pitani ndithu, koma tsiku lina, mtima utatsika. Nenani tsiku, mtundu wa mfuti, bokosi limene linaperekedwa ndi mawu amene ananenedwa. Musapemphe kuti wina achotsedwe, pemphani kuti antchito aphunzitsidwe. Mwini sitolo wanzeru adzakuthokozani, chifukwa mpope ukaphulika mlandu ndi mbiri yoipa zimagwera iye. Akakunyozani, mwadziwa kuti vuto lili pamwamba, ndipo sitolo imeneyo musatumizekonso mnzanu.

Kudikirira munthu panja sindikugwirizana nako. Munthu wanyamula mfuti, mlendo n'kumutsatira mpaka pagalimoto, si zabwino kwa nonse awiri. Ndipo pa zinthu zongokonda, monga kampani iti imaposa inzake, ingosiyani. Si zonse zimene zili zofunika kulowerera.

Nachisale anayankha:

A Thokozani, ndagwirizana nanu pa zambiri, koma ndikupempha kuti nkhani ya ka revolver kopepuka musaiike m'gulu la zongokonda. Ine ndine mmodzi mwa amayi amene anauzidwa zimenezi. Ndinalowa m'sitolo nditawerenga kale, ndikudziwa chimene ndikufuna kugwira, koma wogulitsa sanafune n'komwe kundionetsa. Ananditulutsira kamfuti kakang'ono ka aluminiyamu, akuti ndi kosavuta, koyenera manja a mayi. Ndinapempha kukayesa kofanana nako pabwalo lophunzirira kuwombera ndisanagule, ndipo kanandipweteka pachikhatho moti sindinathe kumaliza zipolopolo zimene ndinapatsidwa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chipolopolo chikakhala chomwecho, mfuti yopepuka imakankha dzanja kwambiri kuposa yolemera, popeza palibe kulemera kokwanira kuchepetsa kukankhako. Trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ya timfuti timeneti imafuna mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 5 kuti ikokeke, pamene kamfutiko sikafika ngakhale theka la kilogalamu, ndiye pokoka kamagwedezeka. Mpope ndi waufupi, poyang'anira pa kutsogolo ndi pa kumbuyo n'poyandikana, choncho kulakwitsa pang'ono kumakula kutsogoloko. Timfuti timeneti timafuna munthu wozolowera, osati woyamba kumene.

Langizo lotere siliphulitsa mpope, koma limapweteka mwa njira ina. Mayi amagula, amawomba kamodzi, dzanja limawawa, n'kukaitsekera mfutiyo osaigwiranso. Akakhala ndi chida chimene amachiopa ndipo sanachiphunzire, ngozi ili m'nyumba mwake tsiku lililonse.

Komabe a Kondwani, ndikuchenjezeninso. Tsiku lomwelo panali makasitomala awiri aamuna amene analowerera kuti andithandize, aliyense akutama mfuti yake, ndipo anandisokoneza kuposa wogulitsayo. Palibe anandifunsa kuti mfutiyo ndikuifunira chiyani, kapena ngati kunyumba kuli ana ndi posungira pokhoma. Mukaona mayi kapena wachikulire akukankhidwira ku chinthu, musamusankhire china. Ingomuuzani kuti asagule asanayese mitundu ingapo pamodzi ndi mphunzitsi.

Mphunzitsi_Banda anayankha:

Ndiwonjezere ziwiri zimene ophunzira anga amabwera nazo kuchokera kumasitolo, chifukwa izi zimandidetsa nkhawa kuposa zina zonse.

Choyamba ndi malamulo. Ndamvapo ophunzira akuti anauzidwa pakauntala kuti kuwombera m'mwamba pochenjeza kulibe mlandu, kapena kuti kuwombera mwendo sikuwerengedwa ngati kufuna kupha. Chipolopolo chopita m'mwamba chimatsika ndipo chingathe kupha munthu kumene chagwera. M'ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi umene ukaduka munthu amafa m'mphindi zochepa. Malamulo a kudziteteza, a kanyamulidwe ndi a kasungidwe amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'khoti simungadziteteze ponena kuti wa kusitolo anandiuza. Mukamva zotere simuyenera kudziwa yankho lenileni kuti mulankhule. Nenani kuti, "Zimenezi mukafunse loya kapena ofesi yopereka ziphaso, ndipo muwerenge lamulolo nokha." Wogulitsa sangakane mawu amenewo.

Chachiwiri ndi chakuti mukachotsa magazini, kachikwama kosungira zipolopolo mu mfuti, ndiye kuti mfuti ilibe kanthu. Ayi. Chipolopolo chimene chinalowa kale kumpope chimatsala momwemo. Pa pisitolo ngati Glock, imene pophwasula muyenera kukoka trigger, kuiwala zimenezi kwavulaza anthu m'nyumba zawo akufuna kungotsuka mfuti. Chotsani magazini, kokerani kumbuyo chitsulo cha pamwamba, yang'anani mkati ndi maso, gwiranimo ndi chala. Jeff Cooper, amene anayambitsa sukulu ya kuwombera ya Gunsite ku Arizona mu 1976, anaphunzitsa malamulo anayi amene ife timayambira: mfuti iliyonse muitenge kuti ili ndi chipolopolo, musailoze pa chinthu chimene simukufuna kuwononga, chala chisakhudze trigger mpaka mutalunjikitsa, ndipo dziwani chimene mukuwombera ndi zimene zili kuseri kwake. Pamene muli m'sitolo, yang'anani ngati wogulitsa akutsata zimenezi. Akakupatsirani mfuti osayamba watsegula kuti nonse muone kuti mulibe kanthu, kapena akamayendetsa kukamwa kwa mpope pa mimba za anthu, zonena zake zonse muzikazifufuzanso kwina.

Za shotgun yosafunika kulunjikitsa, a Kondwani, ine sinditsutsana ndi wophunzira. Ndimamuveka zotseka m'makutu ndi magalasi, ndimapachika pepala lalikulu pa mtunda wa mamita 5, iye n'kuwomba kamodzi. Timipira tonse timagwera malo amodzi osaposa chikhatho, pepala lonselo lili loyera. Kenako timasunthira pa mamita 10 ndi 20, n'kulemba kukula kwa malo amene timipira tagwera pa mtunda uliwonse, chifukwa mfuti iliyonse ndi mtundu uliwonse wa zipolopolo zimamwaza mosiyana.