Kodi "chipata" kale chinkatanthauza khomo wamba?

Akuluakulu a pano, ndithandizeni. Ndikuphunzira ntchito ya mu labu kuno ku Chipata, ndipo Loweruka ndinali kwa agogo anga aakazi ku Kapata. Iwo sanaiwale kolera ya 2024, nthawi imene National Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala, ana n'kukhala pakhomo mpaka February sukulu zisanatsegulidwe. Ataona mabuku anga anandifunsa kuti, "Kachilombo kameneka kamadya bwanji poti kalibe pakamwa?"

Ndinawafotokozera kuti kachilombo koyambitsa kolera, Vibrio cholerae, kali ndi zikopa ziwiri, ndipo pachikopa chakunjacho pali timabowo topangidwa ndi mapuloteni otchedwa ma porin. Iliyonse ili ngati mgolo woboola mbali zonse, ndipo amakhala atatuatatu ngati mafuwa. Shuga, mchere ndi tizakudya ting'onoting'ono timadutsa momwemo, koma zikuluzikulu zimatsala kunja. Ndinati, "Ndi khomo lake, agogo." Anapukusa mutu. "Pakhomo amalowa aliyense, ngakhale nkhuku. Chimenecho ndi chipata, ndipo chipata chimakhala ndi mpiringidzo."

Mawuwa andisowetsa tulo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chipata ndi geti basi. Kodi makolo ankasiyanitsa bwanji khomo, mpata ndi chipata? Nanga mpiringidzo umatseka kotheratu, kapena umangochepetsa polowera?

Ndikufunsa chifukwa kachilomboka kali ndi ma porin awiri odziwika kwambiri, OmpU ndi OmpT. Kakafika m'matumbo mwa munthu kamakumana ndi ndulu, yomwe imawononga tizilombo tambiri. Pamenepo puloteni yotchedwa ToxR, yomwenso imathandiza kuyambitsa poizoni wotsegula m'mimba uja, imachulukitsa OmpU n'kuchepetsa OmpT. Kachilombo kodalira OmpT kamavutika ndi ndulu, pomwe ka OmpU kamapirira. Komanso mkati mwa mgolo uja muli kachingwe kopindikira komwe kamapanikiza njira. Ndikufuna mawu oyenera oti ndikawauze agogo ndi anthu a kumudzi popanda kuwanamiza.

Mphunzitsi wopuma wa ku Katete:
Mwana wanga, agogo akowo anena zoona. Khomo ndi la nyumba. Mpata ndi danga lililonse, kaya pampanda pothyoka, kaya pakati pa mapiri, n'chifukwa chake timati "ndipatseni mpata". Chipata ndi polowera pamene mwini anachita kusiya dala pa linga, pa khola kapena pa mpanda, ndipo mwiniyo ndiye amalamula wolowa. Za dzina la tauni yanuyo ena amati linachokera ku mawu a Chingoni onena chigwa chotakasuka pakati pa mapiri, koma ife tikamalimva timamva polowera. Pa mpiringidzo pokha ndikusiyana nawo agogo. Ndi mtengo wopingasa kuseri kwa chitseko usiku. Ukaikidwa, palibe chodutsa.

Mayi wa ku Chadiza:
Aphunzitsi, pepani ndilowererepo. Mukuganiza za nyumba, koma agogowo ndikhulupirira amanena za khola. Kwathu pachipata cha khola la ng'ombe timapingasa mitengo itatu kapena inayi. Ng'ombe yaikulu siituluka, koma kathole kakang'ono kamapanikizika pansi n'kudutsa, galu ndi nkhuku ndiye osanena. Chipata chatsekedwa, komabe zing'onozing'ono zikulowa ndi kutuluka. Ndipo mukaona kuti matole akuthawira kumunda kwa anthu, mumawonjezera mtengo wina pansi. Si zomwezo mwanayu akunena za ndulu?

Mphunzitsi wopuma wa ku Katete:
Mwandikumbutsa, mayi. Ndavomera za khola. Koma mitengo imeneyo kwathu sitinkaitcha mpiringidzo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Chadiza, chitsanzo chanu chandifika pamtima, chifukwa porin sisankha ndi maso, imasefa potengera kukula ndi mtundu wa chinthucho, ngati mitengo ya pakhola. Kusiyana kwake n'kwakuti kachilomboka sikawonjezera mtengo pachipata chakale, kamachita kumanga zipata za mtundu wina n'kusiya zakalezo. Ndipo sikangatseke zonse, kangafe ndi njala.

Pali chinanso chomwe chinandisangalatsa powerenga. Kuli kavairasi kotchedwa ICP2 kamene kamapha tizilombo ta kolera, ndipo pogwirira pake ndi pa OmpU pomwepo. Chipata chomwe chimateteza kachilomboka ku ndulu ndi chomwenso mdani wake amagwirapo. Ndikawauza agogo zimenezi ndikudziwa kuti adzaomba m'manja.

Tsono chatsala n'chimodzi. Aphunzitsi, ngati si mpiringidzo, mitengo yopingasa pachipata cha khola ija munkaitcha chiyani ku Katete? A ku Petauke ndi ku Lundazi, kwanu mumati chiyani? Lamlungu ndibwereranso ku Kapata, ndikufuna ndikafike ndi dzina lake.