Ndithandizeni: transmitter (wailesi yotumiza mawu) yanga ya band ya 20 m (14 MHz) ikutulutsa ma signal omwe sindinawaitane

Chikondi: Moni nonse pagulu pano. Ndamanga ndekha transmitter ya SSB (njira ina yotumizira mawu pa wailesi), IF yake (signal yam'kati yonyamula mawu) ndi 9 MHz, VFO (chosinthira frequency) ndi kachipangizo ka Si5351 pa 5.2 MHz, mixer (chosakaniza ma signal awiriwa) ndi ADE-1. Kuphatikiza ziwirizi ndimapeza 14.2 MHz monga ndimafunira. Koma nditailumikiza ku dummy load (cholowa m'malo mwa antenna poyesa) ndi kuyeza pa tinySA (kachipangizo koonetsa ma signal omwe akutuluka), mtima unangoti myuu. Pambali pa signal yanga payima zina ziwiri, ina pa 12.8, ina pa 15.6 MHz. Ndawonjezera low-pass filter (sefa yodutsitsa ma frequency otsika okha) kutsogolo kwa amplifier, sizikusuntha. Sindikufuna kusokoneza anzathu pa mpweya, ndiye ku antenna sindinailumikizebe. Ndalakwitsa pati?

Madala Phiri: Achimwene, mwachita bwino kuyamba mwayeza. Tengani pensulo. 9 kuwirikiza kawiri ndi 18, kuchotsapo 5.2, yatsala 12.8. Ndipo 5.2 kuwirikiza katatu ndi 15.6. Woyambayo ndi mwana wa mixer yanu, wachiwiriyo ndi wa VFO. Kuti mukhulupirire, kwezani VFO ndi 100 kHz: wa 12.8 atsikira pa 12.7, wa 15.6 adumphira pa 15.9.

Low-pass siingakuthandizeni apa. Ntchito yake ndi kudula ma harmonic, omwe ndi signal yanu yowirikizidwa, monga 28.4 MHz (14.2 kuwirikiza kawiri). Wa 12.8 ali pansi pa signal yanu, amangodutsa, ndipo wa 15.6 wayandikana nayo kwambiri. Chofunika ndi band-pass filter (sefa yodutsitsa band yanu yokha) yomwe ili pakati pa mixer ndi amplifier yoyamba, ya makoyilo atatu ngati n'kotheka. Zinyalala zichotsedwe zisanakulitsidwe.

Chikondi: Zikomo madala. Band-pass ilipo, koma ya makoyilo awiri, ndinailumikiza molunjika ku mixer.

Tamanda: Pamenepo ndi pomwe ndinavutikira ine miyezi ingapo. Mixer ya ma diode imafuna kuona 50 ohm pa ma frequency onse. Filter imaipatsa 50 ohm pa 14 MHz pokha, zina zonse, kuphatikizapo 3.8 MHz yotsala mukachotsa 5.2 pa 9, imazibweza mmbuyo n'kukasakanikiranso. Ikani pad (ma resistor ochepetsa mphamvu ya signal) ya 6 dB pakati pawo, kapena diplexer (sefa yomwe imameza ma frequency osafunikawo). Komanso ADE-1 imafuna +7 dBm (muyeso wa mphamvu ya signal) kuchokera ku VFO, pomwe IF isapitirire -10 dBm. Ambiri timaikhutitsa IF pofuna mphamvu, ndiye wa 12.8 uja amakula msanga kuposa signal yeniyeni.

Madala Phiri: Mayi Tamanda anena zoona, koma chenjerani: kutsitsa IF sikukhudza wa 15.6, poti iyeyo ndi wa VFO yekha. Nthawi zina salowa n'komwe mu mixer, amangodumpha kuchokera pa waya wa VFO kupita ku amplifier. Fupikitsani mawaya, muike kachitsulo kotchinga pakati. Malamulo a FCC, bungwe loyang'anira ma wailesi ku America, amafuna kuti ma signal osafunikawa akhale pansi pa signal yeniyeni ndi 43 dB pa HF (ma frequency osafika 30 MHz), koma onani a dziko lanu.

Chikondi: Ndaika pad ndi kutsitsa IF, wa 12.8 wagwa ndithu. Wa 15.6 akadalipo, ndipo ndaona kuti waya wa VFO ukudutsa pamwamba pa filter penipeni. Mawa ndiusuntha, ndiwonjezere koyilo yachitatu, ndidzaike chithunzi cha tinySA pano.